Mwachepetsa Nsima Chifukwa cha Shuga? Zoyenera Kuona Zikavuta, Musanadule Ndiwo Zanyama

Pa benchi ya kukliniki ya shuga, tikamadikira kuyezedwa, funso limodzi limabwerabwera kuchokera kwa anthu amene achepetsa nsima, mpunga ndi buledi: "Kodi nyama ikusanduka shuga m'thupi mwanga?" Wina anamva kwa mwana wake wa ku Johannesburg za kadyedwe ka Banting, kamene Tim Noakes anakatchukitsa kumeneko cha m'ma 2013. Wina anaona pa Facebook za keto, kadyedwe kochepetsa sitachi kwambiri. Onse amayamba bwino, shuga amatsika, kenako china chake chimavuta, ndipo zoyamba kuchotsedwa m'mbale zimakhala nsomba, mazira ndi nkhuku.

Inenso ndinadutsa momwemo. Ndili ndi shuga wa mtundu wachiwiri. Nditaona kuti timapepala toyezera maketoni mu mkodzo (maketoni ndi zimene thupi limapanga likamadalira mafuta m'malo mwa shuga) tasiya kufiirira, ndinadula ndiwo zanyama n'kumadya mapeyala ndi masamba osambira m'mafuta. Patatha miyezi iwiri lamba anafika pa bowo lomaliza, ndipo chidebe cha malita 20 chimene ndinkachinyamula ndi dzanja limodzi ndinayamba kuchitula kawiri ndisanafike pakhomo. Anamwino atandigwira mkono anati, "Bambo, zimene zikuchoka apa si mafuta okha, ndi minofu. Bwezerani ndiwo." Titawerengera bwino, tinapeza kuti chimene chinkasokoneza ndi mtedza wokazinga umene ndinkatafuna tsiku lonse, mkaka wa m'tiyi, ndi botolo la timapepala limene ndinalitsegula chaka chatha.

N'chifukwa chake pa mndandanda uliwonse m'munsimu muona kuti kuchuluka kwa mapuloteni sindiko koyamba kukayikira. Choopsa chenicheni pa kadyedwe kameneka ndi mankhwala amene sanasinthidwe. Ngati pano mukusanza, m'mimba mukupweteka kapena mukupuma mwabefu, dumphani zonse mukawerenge mutu womaliza.

## Musayambe nokha ngati

- mumabaya insulini, makamaka ngati muli ndi shuga wa mtundu woyamba;
- mumamwa glibenclamide, gliclazide kapena glimepiride;
- mumamwa empagliflozin, dapagliflozin kapena canagliflozin;
- ndinu oyembekezera kapena mukuyamwitsa;
- munauzidwa kuti impso zanu zafooka;
- wodwalayo ndi mwana, kapena munthu amene kale anavutikapo ndi matenda odzimana chakudya.

Magulu awiri oyambawo angathe kuchepetsa sitachi, koma dokotala ayambe watsitsa mlingo wa mankhwala tsiku lomwelo kapena lisanafike. Amene ali pa gulu lachitatu, keto si yawo mpaka mankhwalawo atasinthidwa.

## Manambala oti mukhale nawo pamutu

Kudya sitachi ndi shuga wosapitirira magalamu 130 patsiku ndiye kuchepetsa. Keto ndi kutsika mpaka pakati pa 20 ndi 50. Ufa wachimanga wolemera magalamu 100, kaya woyera kaya mgaiwa, uli ndi sitachi wopitirira magalamu 70, choncho mtanda umodzi waukulu wa nsima ungathe kumaliza muyezo wa keto wa tsiku lonse.

Timakina toyezera shuga tilipo ta mitundu iwiri. Kena kamawerenga mu mmol/L, kena mu mg/dL. Chulukitsani ya mmol/L ndi 18 kuti mupeze inayo: 3.9 ndi 70, 7.0 ndi 126, 11.1 ndi 200. Dziwani kanu ndi kati, chifukwa nambala ya 25 pa kena ndi shuga wokwera moopsa, pa kena ndi wotsika moopsa.

Maketoni a m'magazi a pakati pa 0.5 ndi 3.0 mmol/L, mwa munthu amene akupeza bwino ndipo shuga wake ali pabwino, ndi amene amatchedwa ketosis ya chakudya. Kwa wobaya insulini, nambala yomweyo ikabwera ndi shuga wokwera imakhala nkhani ina.

## Timapepala tasiya kufiirira, kapena maketoni atsika

Insulini ikatsika m'magazi, mafuta a m'thupi amamasuka n'kupita kuchiwindi, ndipo chiwindi chimawasandutsa maketoni. Alipo atatu: acetoacetate, beta-hydroxybutyrate ndi acetone. Timapepala ta mkodzo timaona makamaka woyambayo, ndipo timangoona amene thupi lataya.

1. Sitachi wobisala. Iyi ndiye mbava ya nthawi zambiri. Kapu ya mkaka ya 250 ml ili ndi shuga pafupifupi magalamu 12. Nthochi imodzi yapakatikati ili ndi oposa 20. Kapu ya nyemba zophika ili ndi sitachi pafupifupi 40. Onjezani thobwa, maheu, Chibuku, uchi, mbatata, chinangwa, nzimbe, mango a nyengo yake, ndi kazitumbuwa ka panjira. Lembani chilichonse cholowa mkamwa kwa masiku atatu, ngakhale cholawa pophika.
2. Thupi lazolowera. Pakatha masabata angapo minofu ndi ubongo zimagwiritsa ntchito maketoni bwino, ndiye otayika mu mkodzo amachepa. Palibe chokonza apa.
3. Timapepala tatha mphamvu, kapena mkodzo wasungunuka. Mitundu yambiri imatha ntchito pakadutsa miyezi 6 botolo litatsegulidwa, ndipo chinyezi cha nthawi ya dzinja chimaononga msanga. Mukamwa madzi ambiri mtundu umaoneka wotuwa.
4. Insulini kapena glibenclamide. Ntchito yake imaphatikizapo kuletsa maketoni. Musachepetse insulini pofuna kuti kapepala kafiire. Njira imeneyo imathera m'chipatala.
5. Mapuloteni ochuluka kwambiri. Amatsitsako maketoni pang'ono kwa maola angapo chifukwa amadzutsa insulini. Zimaoneka mwa munthu amene akudya nyama yochuluka katatu patsiku kapena akumwa ufa wa mapuloteni wa anthu onyamula zitsulo. Mazira awiri ndi chambo mmodzi sizingakufikitseni pamenepo.

Mantha oopa mapuloteni ali ndi kochokera. Keto anaiyambitsa ndi Russell Wilder wa ku Mayo Clinic, ku America, mu 1921, pofuna kuthandiza ana odwala khunyu. Pa matenda amenewo maketoni amayenera kukhala okwera nthawi zonse, ndiye mapuloteni amayezedwa pasikelo ndipo mbale imadzaza mafuta. Inu simukuchiza khunyu. Chimene mukufuna ndi shuga wokhazikika, HbA1c (muyezo wa shuga wa miyezi iwiri kapena itatu yapitayi) yotsika, thupi lamphamvu. Ngati zimenezi zilipo, ine ndimati ndalama ya timapepala ta maketoni mugulire ta shuga, n'kusungako tochepa ta tsiku la matenda.

## Shuga amakwera patatha maola 3 mpaka 5 mutadya nyama

Apa m'pamene anthu amati, "Mwaona, nyama yasanduka shuga." Pali choonadi pang'ono. Chiwindi chimatha kupanga shuga kuchokera ku tizidutswa ta mapuloteni. Koma chimachita zimenezi pang'onopang'ono, motsogoleredwa ndi insulini ndi mnzake wotchedwa glucagon. Mapuloteni amadzutsa onse awiri nthawi imodzi: glucagon amauza chiwindi kuti chitulutse shuga, insulini imachigwira dzanja. Mwa munthu wa mtundu wachiwiri amene thupi lake likupangabe insulini, awiriwa amalingana, ndipo shuga sasuntha kwenikweni. Mwa munthu wa mtundu woyamba palibe wogwira dzanja, ndiye shuga amakwera mochedwa ndipo amakhalitsa pamwamba.

1. Zimene zinabwera ndi nyamayo. Msuzi wothira ufa kuti ukhuthale, anyezi ndi matimati ambiri, tomato sosi wa m'botolo, nkhuku yokutira ufa, soseji ndi polony zimene amasakaniza ndi sitachi, soya pisesi, ndiwo zotendera zochuluka. Pa kanyenya, onani tchipisi timene "munangotolako."
2. Insulini ya chakudya yachepa kapena yatha msanga. Kale, pamene mbale inali yodzaza nsima, mlingo wa insulini wobayira nsimayo unkaphimba ndi mapuloteni omwe. Nsima itachoka ndipo mlingo utatsika, mapuloteni amaonekera poyera. Insulini yofulumira imatha mphamvu shuga wa mapuloteni asanafike pachimake.
3. Mafuta ochuluka. Amachedwetsa chakudya m'mimba ndipo amachititsa kuti thupi lisamve insulini bwino kwa maola angapo. Nkhumba yonona yokazinga usiku imaonekera pa kamakina pakati pa usiku.
4. Mbale imodzi yaikulu patsiku. Mapuloteni a tsiku lonse akalowa nthawi imodzi amakweza shuga kuposa akagawidwa katatu.
5. M'mimba mwaulesi. Shuga wa zaka zambiri amaononga mitsempha ya m'mimba. Zizindikiro zake ndi kukhuta msanga, kutupikana, nseru, ndi shuga amene amatsika mukangodya n'kudzakwera mochedwa. Izi ndi za dokotala.

Kayezedwe kake n'kosavuta. Tsiku lina masana idyani mazira owiritsa atatu ndi nsomba yowotcha, popanda msuzi, popanda china chilichonse. Yezani musanadye, patatha maola 2, ndiponso patatha maola 4 kapena 5. Ngati mumabaya insulini, bayani monga anakuuzirani, musadumphe. Shuga akasuntha pang'ono chabe, nyama ilibe mlandu, bwererani ku nambala 1. Akakwera kwambiri, tengani manambalawo kukliniki. Madokotala ena amagawa mlingo pawiri, ena amasintha mtundu wa insulini. Musaonjezere nokha jakisoni pamwamba pa jakisoni, chifukwa milingoyo imaunjikana n'kudzakugwetsani usiku.

## Shuga wa m'mawa ndi wokwera chonsecho madzulo simunadye sitachi

1. Mbandakucha. Kuyambira cha m'ma 3 kapena 4 koloko, thupi limatulutsa cortisol ndi timadzi tina tokudzutsani, ndipo chiwindi chimathira shuga m'magazi. Anthu ambiri a shuga amakumana nazo. Nambala ya m'mawa ndi imene imachedwa kutsika pa zonse, nthawi zina miyezi.
2. Mgonero wolemera, wodyedwa mochedwa. Yesani kudya pofika 6 kapena 7 koloko, ndipo nyama yambiri ikhale ya masana. Kuyenda mphindi 15 mutadya kumathandiza.
3. Mankhwala a usiku sakukwanira, kapena insulini yaonongeka ndi kutentha. Botolo limene mukugwiritsa ntchito limakhala pafupifupi mwezi umodzi pamalo ozizira bwino. Magetsi akamavuta, kapena ngati mulibe firiji, liikeni mu kachitini kotseka bwino m'kati mwa mtsuko wadothi wa mchenga wonyowa, pamthunzi. Gwiraninso pamimba kapena pantchafu: pakakhala potupa molimba chifukwa chobaya malo amodzi, insulini siilowa bwino.
4. Kusagona, nkhawa, matenda. Dzino lobooka, chilonda cha kuphazi, matenda a m'chikhodzodzo, malungo, ndi mankhwala monga prednisolone zonse zimakweza shuga.
5. Shuga anatsika usiku. Mukadzuka ndi mutu, zofunda zitanyowa ndi thukuta, kapena mwalota zoopsa, tcherani alamu muyeze 2 kapena 3 koloko usiku kwa masiku angapo musanaganize zoonjezera mankhwala.

## Kunjenjemera, thukuta, mtima kugunda, njala yadzidzidzi

Amayi ena a kutchalitchi kwathu anasiya nsima Lolemba, koma glibenclamide n'kumamwabe monga mwa masiku onse. Lachitatu masana mdzukulu wawo anawapeza atakhala pansi kuseri kwa khitchini, thukuta lili kamukamu, mpeni wodulira masamba uli m'manja, akuyankha zosagwirizana ndi funso. Kamakina kanaonetsa 2.6. Anapulumuka chifukwa mwanayo anathamangira shuga wa m'kabati.

Shuga akafika 3.9 mmol/L kapena kutsikirapo, kapena mukamva zizindikirozi mulibe poyezera:

- Imwani shuga magalamu 15 nthawi yomweyo: timasupuni 4 ta tiyi ta shuga m'madzi, kapena theka la botolo la Coca-Cola wamba la 300 ml.
- Dikirani mphindi 15, yezaninso. Akakhala adakali pansi, bwerezani.
- Akakwera, idyani chokhutitsa chenicheni: buledi, nthochi, phala.
- Musagwiritse ntchito mazira, nyama, mtedza, chiponde kapena chokoleti. Zimachedwa, ndipo mwa munthu wa mtundu wachiwiri mapuloteni amadzutsanso insulini.
- Iwalani za keto nthawi imeneyo. Mudzabwerera mawa.

Zoyambitsa:

1. Insulini kapena glibenclamide ndi anzake sizinatsitsidwe. Mankhwalawa amatsitsa shuga kaya mwadya kaya simunadye. Metformin payokha siichita zimenezi kawirikawiri.
2. Kudumpha chakudya. Keto imachotsa njala, ndiye munthu amaiwala kudya, kapena amaphatikiza ndi kusala kudya.
3. Ntchito yolemetsa: kulima, kupalasa njinga mtunda wautali, kuchapa tsiku lonse. Shuga angathe kudzatsika usiku wake.
4. Mowa. Chiwindi chikatanganidwa ndi mowa chimasiya kupanga shuga, ndipo pa keto nkhokwe yake ya shuga imakhala itachepa kale. Kachasu kapena mowa wa m'botolo wopanda shuga, pamimba popanda kanthu, ndi msampha. Anthu amangoti mwaledzera.
5. Impso zafooka, ndiye mankhwala akukhalitsa m'thupi. Malungo ndi mankhwala a quinine nawonso amatsitsa shuga.

Munthu akakomoka kapena sakutha kumeza, musamuthire chakumwa mkamwa. Mugonekeni cham'mbali, pakani shuga wonyowa kapena uchi pang'ono m'kati mwa tsaya, thamangirani kuchipatala. Ngati ali pa glibenclamide, apite kuchipatala ngakhale atatsitsimuka, chifukwa mankhwalawa angathe kumugwetsanso kwa tsiku lathunthu kapena kupitirira. Amene muli ndi jakisoni wa glucagon kunyumba, dziwani kuti pa keto angathe kugwira ntchito mofooka, popeza amadalira nkhokwe ya m'chiwindi ija. Oyendetsa galimoto kapena kabaza, musanyamuke shuga ali pansi pa 5.0.

Zikachitika ngakhale kamodzi, mlingo uyenera kuunikidwa sabata yomweyo.

## Mutu, kufooka, chizungulire mukaimirira, m'masabata oyamba

1. Madzi ndi mchere zatayika. Insulini ikatsika, impso zimataya mchere, madzi n'kutsatira. N'chifukwa chake mumakodza pafupipafupi ndipo sikelo imatsika msanga sabata yoyamba. Imwani madzi okwanira. Kapu ya msuzi wa mafupa wothira mchere pang'ono imathandiza. Ngati muli ndi BP yokwera, vuto la mtima kapena la impso, funsani kaye musanaonjezere mchere.
2. Mankhwala a BP achuluka mphamvu. BP imatsika pa kadyedwe kameneka, ndipo mankhwala okodzetsa monga hydrochlorothiazide amaonjezera kuuma kwa thupi. Yezetsani mutakhala ndiponso mutaimirira. Musasiye nokha.
3. Shuga watsika, kapena watsika mofulumira kuchoka pamene thupi linazolowera. Munthu amene wakhala pa 15 kwa miyezi amanjenjemera pa 6. Kamakina kokha ndi kamene kangasiyanitse. Maso nawonso angathe kuchita chimbuuzi kwa masabata angapo, ndiye musathamangire kugula magalasi atsopano. Koma ngati munauzidwa kale kuti shuga wakhudza maso, kutsitsa shuga mofulumira kungaonjeze vutolo, ndipo a kumaso ayenera kukuonani.
4. Simukudya mokwanira. Mwachotsa nsima, simunaikepo kanthu.
5. Malungo. Thupi likatentha kapena kuphwanya, kayezetseni. Musamangoti ndi keto.

Zikapitirira masabata awiri, pitani kukliniki.

## Njala yosatha, tsitsi kuthothoka, mikono kuonda, mabala kuchedwa kupola

1. Mapuloteni achepa. Munthu wamkulu amafunika magalamu osachepera 0.8 pa kilogalamu iliyonse ya thupi lake patsiku. Pamenepo ndi pansi penipeni. Amene akuchepetsa sitachi n'kumatsitsa thupi, komanso okalamba, nthawi zambiri amalangizidwa pakati pa 1.2 ndi 1.5 ngati impso zili bwino. Kwa munthu wa makilogalamu 70, ndiye magalamu 84 mpaka 105. Ngati ndinu onenepa kwambiri, werengerani pa sikelo imene mukuyenera kukhala, osati imene muli.

Cholakwika chofala n'kuganiza kuti nyama yolemera magalamu 100 ndiye mapuloteni 100. Mbali yaikulu ya nyama ndi madzi. Moyerekeza:

- dzira limodzi: magalamu 6;
- nkhuku, ng'ombe kapena mbuzi yophika yokula ngati chikhatho: 25 mpaka 30;
- mnofu wa chambo kapena mlamba wolemera magalamu 100: 20 mpaka 25;
- dzanja limodzi la usipa, matemba kapena bonya wouma: 15 mpaka 20;
- dzanja limodzi la mtedza: 7, ndi sitachi pafupifupi 5;
- kapu ya nyemba zophika: 15, koma ndi sitachi uja wa 40.

Mazira awiri m'mawa, dzanja la usipa masana, chidutswa cha nkhuku madzulo, mwangofika pafupifupi 60. Mukuona kuti ambiri a ife, ndi mitengo ya ndiwo ya masiku ano, vuto lathu ndi kuperewera, osati kupitirira. Usipa ndi matemba ndi amene amatipulumutsa pa thumba. Ngumbi, ziwala ndi mphalabungu pa nyengo yake zili ndi mapuloteni ambiri ndi sitachi wochepa. Ndipo ngati ndalama ikungokwana nyemba, nandolo ndi soya, ndi bwino kusiya keto n'kukhala pa muyezo wa magalamu 100 mpaka 130, kusiyana ndi kutaya minofu pothamangitsa maketoni. Minofu ndi imene imameza shuga wambiri wochokera m'chakudya. Ikatha, shuga amavuta kuposa kale.

2. Chakudya chonse chachepa. Onjezani mapeyala, nsinjiro pang'ono m'masamba, mafuta ophikira oyenera.
3. Insulini yaperewera. Kuonda pamodzi ndi ludzu, kukodza usiku ndi shuga wokwera si chipatso cha kadyedwe. Thupi likudzidya lokha. Anthu ena amene anauzidwa kuti ali ndi mtundu wachiwiri, makamaka oonda ndi achinyamata, amadzapezeka kuti akufunika insulini. Pitani kuchipatala msanga.
4. Matenda ena. Anthu a shuga amatenga TB mosavuta kuposa ena. Chifuwa chokhalitsa, thukuta la usiku ndi kuonda, kayezetseni makhololo ndi magazi.

## Kudzimbidwa, kutsegula m'mimba, mkamwa kununkha, chala chachikulu kutupa

Kudzimbidwa kumabwera chifukwa gaga wa mgaiwa ndi nyemba zachoka m'mbale. Therere, nkhwani, bonongwe, chisoso, mpiru ndi kabichi zidzaze theka la mbale, ndipo madzi asachepe. Kutsegula m'mimba nthawi zambiri ndi mafuta ochuluka kapena metformin. Amene mukumwa ma ARV okhala ndi dolutegravir, dziwani kuti amakweza metformin m'magazi, ndiye a kukliniki ya shuga ayenera kudziwa kuti mukumwa onse awiri.

Fungo la mkamwa longa la mankhwala ochotsera penti wa m'zikhadabo ndi acetone. Mwa munthu amene akupeza bwino, limachepa pakapita masabata. Likabwera ndi nseru kapena kufooka, werengani mutu womaliza.

Chala chachikulu cha kuphazi chikatupa usiku, n'kufiira, n'kumapweteka ngakhale chitakhudzidwa ndi nsalu, mwina ndi gout. Maketoni amalimbirana njira ya m'impso ndi uric acid, amene amayambitsa gout akachuluka m'magazi, ndipo chiwindi, impso za nyama, zam'kati, tinsomba ting'onoting'ono ndi mowa zimaonjezera. Koma phazi la munthu wa shuga likatupa n'kufiira, aliyang'ane ndi dokotala tsiku lomwelo, chifukwa lingakhale bala la m'kati. Musamwe ibuprofen kapena diclofenac mwachisawawa, amapweteka impso. Yezetsaninso cholesterol pakatha miyezi itatu. Kwa ena LDL, cholesterol woipa uja, imakwera kwambiri, makamaka akamadya batala, zonona ndi mafuta a nyama ambiri.

## Mkodzo wa thovu, mapazi kapena nkhope kutupa

Apa pokha m'pamene kuchepetsa mapuloteni kungakhale koyenera, ndipo wosankha ndi dokotala.

1. Shuga ndi BP zaononga impso. Zimayamba mwakachetechete, zaka zambiri zizindikiro zisanaoneke. Pemphani kuyezedwa creatinine ndi eGFR m'magazi (zimaonetsa mmene impso zikugwirira ntchito), ndi mapuloteni mu mkodzo, musanayambe kadyedweka ndiponso kamodzi pachaka.
2. Mankhwala. Amlodipine amatupitsa akakolo. Mankhwala opha ululu aja, tenofovir, ndi zitsamba zina zimalemetsa impso.
3. Mtima wafooka, makamaka ngati mukubanika mukagona chagada.

Malangizo a bungwe la akatswiri a impso la KDIGO amati munthu wa shuga amene impso zake zafooka, koma sali pa dialysis (kusefa magazi ndi makina m'malo mwa impso), adye pafupifupi magalamu 0.8 pa kilogalamu, ndipo apewe kupitirira 1.3. Amene ali pa dialysis amafunika ochulukirapo. Metformin imachepetsedwa eGFR ikatsika pansi pa 45, ndipo imasiyidwa pansi pa 30. Mchere wa m'sitolo wolembedwa kuti uli ndi sodium wochepa nthawi zambiri umakhala wa potassium, ndipo kwa wa impso zofooka kapena womwa enalapril ndi woopsa.

## Siyani zonse, pitani kuchipatala lero

Ketosis ya chakudya ndi ketoacidosis zimasiyana pa chinthu chimodzi: insulini. Ikakhalapo, ngakhale yochepa, imaika malire pa maketoni. Ikasowa, maketoni amasefukira, magazi amasanduka asidi, thupi limauma, ndipo munthu angathe kufa pasanathe tsiku limodzi kapena awiri. Nyamukani mukaona chimodzi mwa izi:

- kusanza kobwereza, kapena kulephera kusunga madzi m'mimba;
- m'mimba kupweteka kwambiri;
- kupuma mozama ndi mofulumira ngati mwathamanga;
- ludzu losatha, kukodza kwambiri, lilime louma;
- kusinza, kusokonezeka, kuvuta kudzutsidwa;
- maketoni a m'magazi 3.0 kapena kupitirira, kapena kapepala ka mkodzo kakuonetsa ++ ndi kupitirira, shuga ali pamwamba pa 11 kapena mukudwala.

Wobaya insulini akaona maketoni apitirira 1.5 shuga ali wokwera, alankhule ndi a chipatala nthawi yomweyo, asadikire kuti afike 3.0.

Zimene zimayambitsa: kudumpha kapena kuchepetsa insulini, makamaka poganiza kuti "sindikudya ndiye sindibaya", matenda monga malungo, chibayo, kutsegula m'mimba kapena bala, insulini yoonongeka, mowa, ndi mankhwala a empagliflozin, dapagliflozin kapena canagliflozin. Insulini ya nthawi yaitali siisiyidwa ngakhale tsiku limene simukudya. Mukadwala, yezani shuga ndi maketoni maola 2 mpaka 4 alionse, imwani madzi pang'onopang'ono, ndipo shuga akakhala kuti sanakwere, imwani phala kapena tiyi wa shuga.

Mankhwala atatu omalizawo, amene abale athu a ku South Africa ndi Britain amapatsidwa kawirikawiri, ali ndi msampha wawo. Amataya shuga mu mkodzo, ndiye ketoacidosis ingathe kuyamba kamakina kakuonetsa 7 kapena 9. Bungwe la FDA la ku America linachenjeza za zimenezi mu 2015. Zimachitikanso kwa amayi oyembekezera ndi oyamwitsa. Nambala yabwino ya shuga isakugonekeni kunyumba ngati mukusanza.

Ponyamuka tengani mankhwala onse m'mapaketi ake, buku la kuchipatala, kamakina ndi kope la manambala, ndipo musayendetse nokha galimoto. Mukafika, musadikire pamzere mwakachetechete. Uzani anamwino kapena wokuperekezani anene kuti, "Ali ndi shuga, akudya mochepetsa sitachi, akusanza, chonde ayezedwe maketoni," n'kutchula ola limene munabaya insulini komaliza.